Anakulira mu mgolo wa malata

Ntchito yanga kuno ku England ndi yosamalira okalamba m'makomo mwawo. Ambiri a inu mukuidziwa bwino, mwina mukuwerenga izi muli m'basi kuchokera khomo lina kupita khomo lina, ndiye sindichulutsa gaga m'diwa.

Mwa anthu omwe ndimawasamalira muli agogo ena aakazi ochokera ku Poland, a zaka zoyandikira 90. Tsiku loyamba kufika kwawo, ndikuwathirira tiyi, anandifunsa kwathu. Nditati ku Malawi, ndinkadikira funso lija tonse tinalizolowera, loti kodi dziko limeneli lili mbali iti. Iwo anangotsitsa kapu n'kundiyang'anitsitsa.

"Nyasaland," anatero. "Ine ndinakulirako kwa aneba anu, ku Northern Rhodesia."

Ndinakhala pansi osaitanidwa. Pakhoma pa chipinda chochezera pali chithunzi chakale cha ukwati wawo. Mkwatibwi wavala zoyera, mkwati ali mu suti yomukulira pang'ono, ndipo kumbuyo kwawo kuli nyumba yopanda makoma a m'mbali. Ndi denga lokhalokha la malata, lokhota kuchokera pansi mbali ino kukafika pansi mbali inayo, ngati mgolo woung'amba pakati m'litali n'kuuvundikira pansi. Kutsogolo kuli chitseko, mawindo awiri okhala ndi makatani a zingwe zoluka, ndi maluwa obzalidwa mumzere.

"Agogo, kodi uku ndi ku Zambia komwe mukunenako?"

"Ayi mwanawe, ndi konkuno. Ndinakhalamo zaka 11. Ife tinkangoti migolo."

Nyumba zotere ndinali nditaziona kale m'mafamu a kuno, zadzimbiri, alimi akusungiramo udzu wa ng'ombe ndi mathirakitala. Angelezi amazitcha Nissen hut. Kuyambira tsiku limenelo sindithanso kuidutsa imodzi osatembenuka.

## Njira yomwe inawafikitsa kumeneko

Nkhani yawo sanandiuze tsiku limodzi. Inkabwera pang'onopang'ono, lero ndikuwawenga zikhadabo, mawa ndikuwapesa tsitsi.

Anabadwira kum'mawa kwa Poland, dera lomwe lero lili m'dziko la Ukraine. Pa 10 February 1940, kusanache, asilikali a Soviet Union anagogoda pakhomo pawo monga anachitira m'makomo ena zikwizikwi tsiku lomwelo. Banja lonse linapatsidwa kanthawi kochepa komangira katundu, kenako analikweza m'mabogi onyamulira ziweto ulendo wa ku Siberia kukadula mitengo. Agogowa anali ndi zaka 4. Hitler ataukira Soviet Union mu June 1941, Stalin, mtsogoleri wa dzikolo, anafuna omuthandiza, ndipo anagwirizana ndi boma la Poland lomwe linathawira ku London kuti awamasule anthuwa. Amuna analowa gulu lankhondo la General Władysław Anders. Mu 1942 anthu oposa 110,000, asilikali pamodzi ndi amayi ndi ana, anatuluka kulowa ku Iran, ambiri mwa iwo powoloka nyanja ya Caspian. Mlongo wawo wamng'ono sanafike. Anamwalira m'njira ndi matenda komanso njala, ndipo za manda ake agogo sakamba zambiri.

Bambo awo anapitirira kunkhondo, anakamenya nawo ku Monte Cassino ku Italy mu 1944. Amayi ndi ana anawamwaza m'maiko omwe ankalamulidwa ndi Britain, ndipo pafupifupi 18,000 anabwera ku Africa: ku Tengeru ku Tanganyika, ku Masindi ndi ku Koja ku Uganda, ku Rusape ku Southern Rhodesia. Ku Zambia ya lero misasa inali ku Lusaka, ku Abercorn komwe pano timati Mbala, ku Bwana Mkubwa pafupi ndi Ndola, komanso ku Fort Jameson, Chipata yomweyi ya kuseri kwa Mchinji. Agogo anali ku Bwana Mkubwa. Akamakamba za kumeneko nkhope imawala. Amakumbukira mango, sukulu, malungo omwe anawagoneka kangapo, komanso kuti n'komwe anayamba kugona atakhuta.

Nkhondo itatha mu 1945 mudzi wawo unali utalowa m'malire a Soviet Union, ndipo Poland yotsalayo inali m'manja mwa boma lomvera Moscow. Munthu amene anaionapo Siberia sakanabwerera. Mu 1947 Britain inakhazikitsa lamulo la Polish Resettlement Act lolola asilikaliwa ndi mabanja awo kukhazikika, ndipo mu 1948 agogo ndi mayi awo anakwera sitima ya pamadzi kukakumana ndi bambo omwe anasiyana nawo zaka 6 zapitazo.

Koma Britain ya nthawi imeneyo inalibe nyumba. Mabomba anali atagwetsa zambiri, eni dziko omwe ankathithikana kwa apongozi. Zomwe zinali zopanda anthu ndi misasa ya asilikali ndi zipatala za nkhondo zomwe Amerika ndi Canada anasiya kumidzi. Kumeneko n'komwe anawatula.

## Mwini nzeruyi anali munthu wa kumigodi

Peter Norman Nissen anabadwira ku Amerika mu 1871. Anali injiniya wa za migodi, anagwirako ntchito ku Canada komanso ku migodi ya golide ya ku Witwatersrand, ku Joni komwe makolo athu ambiri anakasiya mphamvu zawo. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itabuka analowa usilikali wa Britain, ndipo mu 1916 anali Major m'gulu la Royal Engineers ku France.

Vuto lomwe analipeza kumeneko linali loonekeratu. Asilikali anali ochuluka zedi, midzi yapafupi ndi malo omenyera nkhondo inali mabwinja, matenti ankamira m'matope, ndipo matabwa anali osowa. Pankafunika nyumba yodya zipangizo zochepa, yonyamulika, yoti anthu osadziwa za zomangamanga aimike okha. Mu April 1916 anayamba kuyesa, ndipo pofika August chaka chomwecho mafakitale anali atayamba kuzipanga.

Mamangidwe ake ndi osavuta kuwamvetsa kwa aliyense amene anakhomapo denga. Mumayala pansi matabwa kapena simenti. Mumaimika nthiti zachitsulo zokhota ngati uta, motalikirana mofanana. Pamwamba pake mumagoneka mitanda yamatabwa m'litali, kenako mumavundikira malata opindiratu kufakitale n'kuwamanga ndi mabawuti a ngowe. Kumapeto konse kuwiri mumatseka ndi matabwa, pena njerwa, n'kusiyapo chitseko ndi mawindo. Lata likapindidwa choncho limalimba lokha, nchifukwa chake sipafunika mizati pakati. Yodziwika kwambiri inali ya mamita pafupifupi 5 m'lifupi ndi mamita 8 m'litali. Yonse inkakwana pa lole imodzi ya asilikali, ndipo amuna 6 ankatha kuimika m'maola 4. Pa nkhondo yoyamba yokha anapanga zosachepera 100,000.

Nissen anamwalira mu 1930, koma nkhondo yachiwiri itayamba nyumba zake zinabwereranso mochuluka. Amerika nawo anatengerapo. Mu 1941 gulu lawo lankhondo la pamadzi linapatsa kampani ya George A. Fuller ntchito yopanga zofanana nazo pafupi ndi Quonset Point ku Rhode Island, dzina la malowo n'kukhala dzina la nyumbayo. Yawo inali yokulirapo, mamita 6 m'lifupi ndi pafupifupi 15 m'litali, yokutidwa bwino m'kati kuti isazizire kwambiri. Pofika kumapeto kwa nkhondo anali atapanga zoposa 150,000.

Ine ndimaipatsa ulemu nzeru imeneyi. Munthuyu anafunsidwa funso limodzi, loti anyamata athanzi agone pati kwa miyezi ingapo asanasunthire kwina, ndipo analiyankha bwino. Za khanda, za nkhalamba yachifuwa, za mayi wochapa matewera m'nyengo yachisanu, palibe anamufunsa.

## Tsiku lomwe tinalowamo

Agogo anali atakhala akunena kuti akufuna kukaonanso pamalo pomwe panali msasa wawo. Mwana wawo wamkazi, mayi wa zaka za m'ma 60, anavomera kuyendetsa galimoto, ndipo anandipempha kuti ndipite nawo chifukwa agogo sayenda mtunda popanda wowagwira mkono. Unali m'mawa wina mu November, kozizira konyowa kuja kolowa m'mafupa.

Pamalopo pano ndi munda. Misewu ya simenti ya asilikali ikuonekabe mu udzu, koma nyumba zonse anaphwasula kupatula imodzi yomwe mlimi amasungiramo mabelo a udzu. Bambo wake anali munthu wabwino. Atamva chomwe tadzera anatsegula chitseko, n'kukankhira wilibala pambali kuti tidutse.

Sinali nyumba yawo yeniyeni, yawo inali cha kumtunda, koma agogo anati zonse zinali chimodzimodzi. Ataponda m'kati anasiya mkono wanga. Anayamba kuyenda okha ndi ndodo yawo, akuwerenga nthiti zachitsulo zija chapansipansi m'chinenero chawo. Atafika pa ina anaima n'kugogoda simenti ndi ndodo.

"Kuyambira pachitseko mpaka pano panali pathu. Apa panali chingwe, pachingwepo mabulangete a asilikali. Kuseri kwa mabulangetewo kunali banja lina."

Anati zaka zoyambirira ankamva chilichonse cha anzawowo: kutsokomola, kukangana, pemphero la usiku, kulira kwa bambo wina yemwe nkhondo inkamubwerera kutulo. Patapita nthawi akuluakulu a msasa anamanga kakhoma pakati, ndipo mabanja ena atasamuka iwo anapatsidwa nyumba yonse.

Anandilozera bowo lozungulira padenga, lotsekedwa ndi chigamba cha lata. Pamenepo mpomwe pankatulukira paipi ya mbaula yachitsulo yoyendera malasha. Ukakhala pafupi nayo nkhope imapsa, ukasuntha mapazi atatu msana ukuuma ndi chisanu. Kenako anandiuza kuti ndikweze dzanja ndigwire bawuti imodzi. Ndinaigwira. Inali yonyowa, dontho likulendewera kunsonga kwake, chonsecho kunja sikunkagwa mvula.

"Amenewo ndi mpweya wathu," anatero. "Tikagona, mpweya umakwera, ukagunda chitsulo chozizira umasanduka madzi. M'mawa umatidonthera kumaso. Kukazizira kwambiri umauma, bulangete n'kumatirira kukhoma."

Mayi awo ankamangirira tinsanza pa mabawuti a pamwamba pa bedi, n'kumatifinya m'mawa uliwonse. Kabati sinkatheka kuigunditsa kukhoma chifukwa khomalo ndi lokhota, ndiye katundu yense ankasonkhana pakati, pomwenso ndi pokhapo pomwe munthu wamtali akanaima mowongoka. Madzi ankatunga pampopi wa panja. Zimbudzi ndi mabafa zinali m'nyumba ina ya onse, ulendo wa mumdima ndi tochi. Mvula ikamagwa simukanamvana, ndipo ife okulira m'nyumba za malata zopanda siling'i tikudziwa phokoso lake.

Ndinaima pamenepo ndikuona nkhalamba yomwe ndimaiveka masokosi m'mawa uliwonse, ndikuganiza za kamtsikana ka zaka 12 kochokera padzuwa la ku Ndola kudzalowa muno. Misozi inalengeza. Ndinati, "Pepani agogo, munavutika."

Anatembenuka msanga kuposa momwe ndinawaonerapo akutembenuka, n'kundigwira padzanja mwamphamvu.

"Mwanawe, usandimvere chisoni pa nyumba iyi. Chichokereni kwathu mu 1940, ichi chinali chitseko choyamba chomwe mayi anga anali ndi kiyi wake. Ankakiya okha, ankatsegula okha. Palibe anabwera kudzagogoda usiku."

Anayamba kuloza ndi ndodo uku ndi uku. Apa mayi anapaka penti yobiriwira. Apa panali chithunzi cha Amayi Maria chomwe chinayenda nawo kuchokera ku Poland, kudutsa Siberia ndi Africa. Panja apo panali dimba la kabichi, nkhaka ndi anyezi, kuseri makola a nkhuku ndi akalulu. Bambo anakhoma mashelefu otsatira kukhota kwa khoma. Nyumba ina yotere anthu a mumsasa anaisandutsa tchalitchi, ina holo ya magule ndi misonkhano, ina sukulu ya Loweruka yophunzitsira ana chinenero chawo. Mwamuna wawo anakumana naye kugule mu holo imeneyo.

Kenako anakhala chete kanthawi, akuyang'ana bawuti ija.

"Komanso ndi nyumba yomweyi inawononga chifuwa cha mayi anga. Sanafike zaka 60."

Mwana wawo, yemwe anabadwira mumsasamo koma anachokamo asanadziwe kanthu, anali ataima pakhomo akulira mwakachetechete. Pobwerera anandiuza kuti zambiri mwa izi ankazimva koyamba.

Mawu awiri aja, a kiyi ndi a chifuwa, agogo anawanena motsatizana ndipo sanafune kuti ena afafanize anzake. Ndakhala nawo m'mutu kuyambira tsiku limenelo.

## Sanali okha

Nditayamba kufufuza ndinapeza kuti nyumba zimenezi zinalera ana m'maiko ambiri. Angelezi eni ake anakhalamo. Pakati pa chaka cha 1946 mabanja osowa pokhala, ambiri a asilikali omwe anali atangobwera kunkhondo, anatopa kudikira ndipo anangolowa m'misasa yopanda anthu ndi katundu wawo. Pofika October chaka chimenecho anthu pafupifupi 40,000 anali akukhala m'misasa yoposa 1,000 ku England ndi ku Wales. Boma linaona kuti silingawatulutse onse, linalola makhonsolo kulumikiza madzi ndi magetsi n'kumatolera lendi, ndipo ena anakhalamo mpaka m'ma 1950.

Ku Hamburg, mzinda womwe mabomba a Britain anaugumula, a Britain omwewo anaimika nyumbazi pakati pa mabwinja kuti mugone anthu a ku Germany osowa kolowera, ndipo chisanu choopsa cha 1946 mpaka 1947 chinawapeza m'menemo. Ku Reykjavík ku Iceland, misasa yomwe asilikali a Britain ndi Amerika anasiya inasanduka madera a anthu osauka kwa zaka zoposa 20, ndipo ana ochokera kumeneko ankanyozedwa kusukulu kuti zovala zawo zikununkha chinyontho. Zimenezi zinandikhudza kwambiri, chifukwa agogo ananenapo zofanana: kuti kusukulu ya m'tauni sankafuna kutchula komwe amakhala.

Ku Amerika nkhani inali yopepukirapo. Mu 1946 mzinda wa Los Angeles unaimika ma Quonset 750 ku Griffith Park, iliyonse yogawidwa pakati kuti mukhale mabanja awiri a asilikali opuma, malowo n'kuwatcha Rodger Young Village. Azungu, akuda ndi a mitundu ina ankakhala moyandikana pa nthawi yomwe madera ambiri a mzindawo ankasankhana khungu. Pofika 1954 anali ataphwasula. Ena anagula zotsala kunkhondo n'kutsegulamo magalaja, mashopu ndi matchalitchi. Ndipo lata silisankha ntchito: mu 1971 boma la Northern Ireland litayamba kutsekera anthu popanda kuwazenga mlandu, ku Long Kesh linawatsekera m'nyumba zomwezi, zozunguliridwa ndi waya waminga.

## Tchalitchi cha pa Lamb Holm

Pa tchuthi china ndinapita ku Orkney, zilumba za kumpoto kwa Scotland, kukaona Nissen hut yotchuka kuposa zonse.

Mu October 1939 sitima ya pansi pa madzi ya Germany inazembera kulowa padoko la Scapa Flow ku Orkney komweko n'kumiza sitima yankhondo ya Britain yotchedwa HMS Royal Oak, anthu oposa 800 n'kufa. Winston Churchill, mmodzi mwa atsogoleri a Britain pa nthawiyo, analamula kuti mipata ya pakati pa zilumba itsekedwe ndi miyala ndi simenti. Mu 1942 anabweretsa akaidi a pankhondo a ku Italy omwe anagwidwa kumpoto kwa Africa kuti agwire ntchitoyo, ndipo ena mwa iwo anaikidwa pa kachilumba kopanda mtengo ka Lamb Holm, mumsasa wotchedwa Camp 60. Cha kumapeto kwa 1943 wansembe wawo, Bambo Gioacchino Giacobazzi, anagwirizana ndi mkulu wa msasawo, Major Buckland, kuti akaidi apatsidwe nyumba ziwiri zopemphereramo. Anazilumikiza kukhala imodzi yaitali.

Ukamayandikira umaona kutsogolo koyera ndi kofiira, kwa simenti, kokhala ndi zipilala ndi kansanja ka belu. Ukazungulira pambali mpomwe umaona kuti kumbuyo kwake ndi mgolo womwe uja. M'kati ndinatambasula dzanja kuti ndikhudze njerwa za kukhoma, ndipo zala zinapeza bolodi losalala. Njerwa zonsezo, ndi miyala yosema yomwe, ndi penti. Anajambula ndi Domenico Chiocchetti wa ku Moena, ndipo chithunzi cha Maria ndi Mwana pamwamba pa guwa anachitengera pa kakhadi komwe mayi ake anamupatsa popita kunkhondo. Mpanda wachitsulo wotchinga guwa anausula ndi Giuseppe Palumbi kuchokera ku zitsulo zotayidwa. Zoikamo nyali anazidula kuchokera ku zitini za nyama. Panja pali chosema cha Georgio Woyera chomwe mafupa ake ndi waya waminga wokutidwa ndi simenti.

Akaidi anasamutsidwa mu September 1944, tchalitchi chisanathe bwinobwino, ndipo Chiocchetti anatsalira kuti amalize pobatizira. Nyumba zina zonse za Camp 60 zinaphwasulidwa nkhondo itatha, koma anthu a ku Orkney anakana kuti ichi chigwe. Mu 1958 anapanga komiti yochisamalira, mu 1960 Chiocchetti anabweranso kudzakonza zojambula zake, ndipo mpaka lero alendo amakhamukirako.

Ndinagwada n'kupemphera, ndipo sindikufuna kuchepetsa chilichonse pa ntchito ya amuna amenewa. Koma ndikutuluka, mtima unali kwa mayi ake a agogo. Akaidi anapempheramo miyezi yowerengeka, ndipo dziko linasunga nyumba yawo chifukwa ndi yokongola. Mayi aja anafinya tinsanza m'mawa uliwonse kwa zaka zambiri, anapaka penti, analima dimba, analera mwana mpaka kumukwatitsa. Ntchito yake ndi yomweyo, yotenga chinthu chopangidwira nkhondo n'kuchisandutsa malo oti munthu akhalemo ngati munthu. Pamalo pomwe anaigwirira pano pamera udzu wa nkhosa, palibe ngakhale chikwangwani.

## Zomwe zasintha kwa ine

Choyamba ndi mkwiyo, ndinene mosabisa. Nyumba yomangidwira miyezi ikakhala ndi banja zaka 11, pali wina amene anasankha kuti zikhale choncho. Chinthu chikangotchedwa chongoyembekezera, eni ndalama safuna kuthirapo ndalama, poti amati chichoka posachedwa. Komanso poti anthuwo ali ndi pogona, mayina awo amatsika pamndandanda wa ofuna nyumba. Zaka zimapita choncho. Msasa wa Northwick Park ku Gloucestershire, womwe unali chipatala cha asilikali a Amerika, unakhala ndi mabanja a ku Poland kwa zaka pafupifupi 20. Sindingalembe izi osaganiza za Dzaleka ku Dowa, yomwe inali ndende, mu 1994 n'kusanduka msasa wa othawa kwawo. Lero muli anthu oposa 50,000, ndipo ena anabadwira momwemo, pano akulera ana awo momwemo.

Chachiwiri ndi cha ife eni. Ambiri kunoko timakhala ngati tili pasiteshoni. Chipinda cha lendi m'nyumba ya anthu asanu, sutikesi pamwamba pa kabati, ndalama yonse ikupita kumudzi kukamanga nyumba yomwe timaiona pa WhatsApp. Timati tikangomaliza kukhoma denga tibwerera. Mwina tidzabwereradi. Mayi ake a agogo nawo ankakhulupirira kuti Poland idzamasuka iwo ali moyo, komabe sanadikire zimenezo kuti abzale kabichi.

Nditabwerako kumunda kuja ndinagula makatani. Ndinapempha mbewu ya maungu kwa mlongo wina wa kutchalitchi, n'kubzala m'zidebe kuseri kwa nyumba, ndipo chaka chino tadya nkhwani wotendera wolima tokha. Komanso pakona ya chipinda changa panali nkhungu yakuda yomwe inkabwerera nyengo iliyonse yozizira. Ndinalembera mwini nyumba, atachedwa ndinalemberanso, mpaka anatumiza munthu kudzakonza. Anzanga ena amaopa kudandaula poganiza kuti mlendo sayenera kuchuluka zonena. Ine ndimawauza za chifuwa cha mayi aja.

## Zomwe zatsala

Nyumbazi zikutha. Dzimbiri limayambira pansi pomwe lata lakhudza nthaka, ndipo mlimi akaona kuti kukonza kudya ndalama zambiri amaitana ogula zitsulo. Amene ali ku Scotland ndipo akufuna kuona msasa wathunthu apite ku Cultybraggan pafupi ndi Comrie ku Perthshire. Unamangidwa mu 1941 ndipo unasunga akaidi a ku Germany. Mu 2007 anthu a m'mudzimo, kudzera m'bungwe lawo la Comrie Development Trust, anaugula, ndipo pano m'nyumba zina muli mabizinesi ang'onoang'ono, zina ndi zogona alendo, pambali pali madimba. Mmodzi mwa akaidi akale, Heinrich Steinmeyer, pomwalira anasiyira okalamba a m'mudzimo chuma chake chokwana £384,000 pothokoza momwe anthu a kumeneko anamuchitira.

Malo ngati amenewa amafotokoza bwino za asilikali ndi akaidi. Ndikanakonda kuti pena pake pakhale nyumba imodzi yokonzedwa monga mabanja ankakhalira, ya chingwe ndi mabulangete pakati, mbaula, mashelefu okhota ndi tinsanza pa mabawuti, ndipo oikonza afunse anthu ngati agogo anga adakali moyo. Atsala ochepa, ndipo ambiri mwa iwo tikuwasamalira ndife.

Mwa misasa yonse ya anthu a ku Poland, umodzi sunatsekedwe. Ilford Park, pafupi ndi Newton Abbot ku Devon, unatsegulidwa mu 1948 pamalo a chipatala china cha asilikali a Amerika. Anthu ena omwe analowamo ali ndi mphamvu zawo anakalambira momwemo, mpaka kumayambiriro kwa m'ma 1990 boma linawamangira nyumba yeniyeni yosamaliramo okalamba pamalo omwewo. Unduna wa zachitetezo wa Britain ukuiyendetsabe mpaka lero, potsatira lamulo lija la 1947.